Paipi ya chitsulo ili ndi malire awiri: kuzizira ndi kutentha

Pa 25 Sepitembala 1998, ogwira ntchito pafakitale ya gasi ya Esso ku Longford, m'chigawo cha Victoria ku Australia, anaona zodabwitsa. Madzi anaundana pa zitsulo zimene masiku onse sungazikhudze ndi dzanja. Mpope wa mafuta otenthetsa unali utaima m'mawa, koma madzi a gasi ozizira anapitirizabe kudutsa, mpaka thanki ina yosinthanitsira kutentha inafika madigiri 48 pansi pa ziro.

Anthuwo anachita zimene aliyense akanaganiza: anadzutsa mpope uja kuti zinthu zibwerere mwakale. Mafuta otentha atalowa m'chitsulo chozizira chija, chinang'ambika masana omwewo, gasi n'kuyaka. Anthu awiri anafa, asanu ndi atatu anavulala, ndipo mabanja a ku Victoria anakhala pafupifupi milungu iwiri opanda gasi wophikira.

Chitsulo cha kaboni, chomwe amapangira mapaipi ambiri a nthunzi, mafuta ndi gasi, n'chotsika mtengo ndipo sichivuta kuwotcherera. Ubwino wake waukulu ndi wakuti chikapanikizika chimayamba chatamuka, kupindika kapena kudontha, munthu n'kuona. Koma chikazizira kwambiri khalidweli limatha. Chimasweka kamodzi ngati botolo, ndipo mng'alu umayambira pakachilema kakang'ono, makamaka powotcherera. Katswiri wa zitsulo Constance Tipper wa ku Cambridge anazisonyeza bwino pofufuza zombo za Liberty zomwe zinkang'ambika m'madzi ozizira pankhondo yachiwiri ya dziko lonse.

N'chifukwa chake malamulo a mapaipi a m'mafakitale a ASME B31.3 amalola paipi wamba ya A106 Grade B kutsika mpaka madigiri 29 pansi pa ziro osaiyesa mwapadera, bola isanenepe kuposa mamilimita 12.7. Yonenepa kuposa apo imafuna kufunda pang'ono. Ofuna kutsika mpaka cha m'madigiri 45 pansi pa ziro amagula ya A333 Grade 6, yomwe chidutswa chake amachimenya ndi nyundo chili chozizira kuti aone ngati chipirira. Wina angati dziko lotentha silikhudzidwa ndi zimenezi. Ayi ndithu, ku Longford chitsulo sichinazizire ndi nyengo. Gasi wamadzi akamaphwera amaziziritsa yekha chotengera chake.

Komiti yofufuza ngozi ya ku Longford ija, yotsogozedwa ndi Sir Daryl Dawson, inakana zoloza chala ogwira ntchito. Inapeza kuti kampani sinawaphunzitse za kuopsa kwa chitsulo chozizira, komanso mainjiniya anali atawasamutsira ku Melbourne mu 1992.

Kumbali ya kutentha nako kuli malire, ngakhale kuti kumeneko chitsulo chimafa pang'onopang'ono. Chikakhala zaka zambiri pamwamba pa madigiri 427, kaboni wake amasanduka graphite, chinthu chakuda chija cha m'kati mwa pensulo, ndipo malo owotcherera amafooka. Pa kutentha kotere paipi imayambanso kutamuka mosabwerera, ngakhale presha isasinthe. Apa mainjiniya amasiya chitsulo wamba n'kutenga chosakaniza ndi chromium ndi molybdenum. Oyang'anira maboyila, kaya ndi a fakitale ya shuga ku Nchalo kapena kwina kulikonse, nambala imeneyi ndi yawo.

Koma woloweza 427 yekhayo ali pangozi, chifukwa malire amasintha malinga ndi chimene chikudutsa m'paipi. Pa 2 Epulo 2010, pafakitale yoyenga mafuta ya Tesoro ku Anacortes, m'chigawo cha Washington ku America, thanki yosinthanitsira kutentha yomwe inagwira ntchito zaka pafupifupi 40 inaphulika usiku, n'kupha anthu asanu ndi awiri. Mbali imene inang'ambikayo sinkayandikira n'komwe madigiri 427. Chinaidya ndi hayidirojeni: akatentha amalowa m'chitsulo, amakumana ndi kaboni n'kupanga methane, yemwe satha kutuluka ndipo amang'amba chitsulocho mkati kunja kukuoneka bwinobwino.

Chopweteka n'chakuti papepala zonse zinali m'malo. Makampani amadalira chithunzi cha mizere chomwe George Nelson anayamba kujambula mu 1949, chosonyeza kutentha ndi presha ya hayidirojeni imene chitsulo chingapirire. Bungwe lofufuza ngozi zotere la Chemical Safety Board linapeza kuti chitsulo cha ku Anacortes chinawonongeka chili pansi pa mzerewo, komanso kuti kampani inkadalira manambala a pulani m'malo moyeza kutentha kwenikweni kwa chitsulocho. Mu lipoti lake la 2014 linapempha kuti chitsulo cha kaboni chiletsedwe pamene hayidirojeni wa presha wapitirira madigiri 204. Bungwe la American Petroleum Institute silinafike pamenepo, koma mu 2016 linajambula mzere watsopano, wotsikirapo, wa chitsulo chowotcherera chimene sichinatenthetsedwenso pambuyo pa kuwotchererako.