Malamulo oletsa kuyendetsa galimoto munthu ataledzera ku United States

Ku United States chigawo chilichonse chili ndi lamulo lakelake loletsa kuyendetsa galimoto munthu ataledzera. M'zigawo zambiri mlanduwu umatchedwa DUI, kwina DWI.

Munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo amapalamula ngati mowa m'magazi mwake wafika 0.08 peresenti. Mlingowu unafalikira m'zigawo zonse pambuyo pa chaka cha 2000, pamene pulezidenti Bill Clinton anasaina lamulo lochepetsa ndalama za misewu kwa zigawo zokana kuutsatira. Utah yokha inautsitsa kufika pa 0.05 mu Disembala 2018. Oyendetsa malole ndi mabasi malire awo ndi 0.04, pomwe osakwana zaka 21 amapalamula ngakhale ndi mowa wochepa kwambiri, 0.02 kapena kucheperapo.

Zilango ndiye zimasiyana kwambiri. Wopalamula angalipitsidwe chindapusa, kulandidwa laisensi kapena kutsekeredwa m'ndende, ndipo ena amalamulidwa kuika m'galimoto kachipangizo kopumiramo kamene kamaletsa injini kulira kakamva mowa. Kukana kuyezedwa atamangidwa nakonso kumalanditsa laisensi. Chodabwitsa n'chakuti ku Wisconsin kupalamula koyamba kawirikawiri sikuwerengedwa ngati mlandu waupandu.