Ukwati Ukatha, Lembani Zonse m'Kabuku

Anthu a ku Makokola ndi midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, tamverani. Ukwati ukatha, kawirikawiri mkangano umatsalira pa ana. Mwina mwamuna kapena mkazi wakale afika usiku kudzatukwana, mwina aopseza kuti akalanda mwana kusukulu.

Musabwezere. Gulani kabuku, ndipo lembanimo tsiku, nthawi, mau amene ananena ndi maina a anthu amene anamva. Mauthenga a pa foni musafafanize. Akakumenyani, pitani ku Victim Support Unit ya polisi, ndipo kalata ya kuchipatala muisunge bwino. Popereka mwana kuti akacheze, perekani pamaso pa ankhoswe kapena a mfumu.

Chifukwa chake nachi. Pa mwambo wa chikamwini ana ali a mbumba ya mai, koma lamulo la 2010 losamalira ana likuti khoti liyambe layang'ana ubwino wa mwanayo. Ndiponso lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja lipatsa majisitireti wa ku Mangochi mphamvu yoletsa wovutayo kufika pakhomo panu. Koma majisitireti panalibe usiku umenewo. Iye adzafuna umboni. Amene sadziwa kulemba apemphe mbale amlembere tsiku lomwelo.