Ku Lilongwe akukangana za bajeti, pa Chiringa akudikira ndalama izungulire

Mwezi wa Januwale malonda pa msika wa Chiringa ku Phalombe amayenda mokwawa. Mayi wa tomato amachepetsa mulu, kenaka amaugawanso pawiri kuti wosowa nayenso apeze pogwira. Mafuta ophikira amagulitsidwa m'timapepala tomanga pakamwa, oti ndiwo za tsiku limodzi. Ku chigayo anthu amapita ndi kabeseni m'malo mwa ndowa, ndipo anyamata a kabaza amaswera pamthunzi kudikira munthu woti akwere. Katundu alipo, manja ogwira ntchito alipo. Chimene chasowa ndi ndalama m'matumba mwa ogula.

Tsiku limene a Mtukula Pakhomo alandira, msika womwewo umasintha. Agogo olera ana amasiye amagula chimanga, mchere ndi sopo, nkusiya nsalu kwa telala kuti asokere mdzukulu yunifolomu. Pobwerera amakwera kabaza chifukwa katundu walemera. Wa kabaza madzulo agula usipa, wa usipa akabweza ngongole ku banki m'khonde, ndipo mawa lake mayi wina akongola ndalama yomweyo kukaoda kabichi. Ndalama imodzi yadutsa m'manja angapo isanatuluke m'dera.

Zimenezi ndi zomwe akatswiri a zachuma akhala akutsutsana kuyambira pomwe John Maynard Keynes wa ku Britain analemba buku lake mu 1936. Mfundo yake inali yoti chuma chikazizira, anthu wamba nkusiya kugula, boma lisamange nawo thumba. Lisonkhezere moto, ngakhale nkhuni zake zikhale zobwereka, kufikira mphika utayambanso kuwira. Otsutsa amati ngongole ya lero ndi msonkho wa mawa, ndipo boma likamwaza ndalama mitengo ya zinthu imakwera. Mbali zonse zili ndi mfundo. Chokhumudwitsa nchakuti mfundozi zikalowa m'manja mwa andale zimatsata mpando umene munthu wakhalapo. Ku America mu 2009, Barack Obama atabweretsa ndondomeko ya madola 787 biliyoni yodzutsira chuma, panalibe phungu ndi mmodzi yemwe wa chipani cha Republican m'nyumba yaing'ono ya malamulo amene anaivotera. Mu Malichi 2020, mtsogoleri ali wawo Donald Trump, nyumba ya Senate inavomereza madola oposa 2 thililiyoni a nthawi ya Covid-19 popanda wokana.

Kwathu kuno mkangano umenewu uli ndi dzina lake: feteleza. Bakili Muluzi anayamba ndi Starter Pack mu 1998, timapaketi ta mbewu ndi feteleza tokwanira kachigawo ka munda. Pa kampeni ya 2004 UDF ndi MCP zonse zinalonjeza feteleza wotsika mtengo, ndipo John Tembo ndiye anali kuikoka nkhaniyi mwamphamvu m'Nyumba ya Malamulo. Chilala cha 2005 chitagwetsa zokolola kufika pa matani pafupifupi 1.2 miliyoni a chimanga, Bingu wa Mutharika anayambitsa makuponi, thumba pa K950, ngakhale abwenzi ambiri akunja ankakayika. Mvula inagwanso bwino, ndipo pofika 2007 ziwerengero za boma zinati dziko lakolola matani oposa 3 miliyoni. Chimanga china tinagulitsa ku Zimbabwe.

Chaka chomwecho cha 2007 ndi chimene chinaonetsa poyera mmene ndale zimagwirira chuma pakhosi. Bingu anali atachoka mu UDF mu 2005 nkuyambitsa DPP, aphungu ambiri nkumutsatira. Otsutsa boma anati bajeti sakambirana kufikira Sipikala atagwiritsa ntchito Gawo 65 la malamulo aakulu pa aphungu olumpha chipani. A boma anati bajeti iyambe. Dziko linagawika pakati, mafumu ndi ophunzira anayenda m'misewu, ndipo bajeti inadutsa mu Sepitembala, nthawi yoti feteleza akhale ali kale panjira yopita m'madepoti. Mu 2008 nkhani inali yomweyo. Mfundo ya otsutsa pa Gawo 65 inali yoona, ndipo khothi lalikulu la apilo linaivomereza. Koma anthu amene zaka ziwiri m'mbuyomo ankalimbikira kuti mlimi athandizidwe ndi omwe anagwira ndalama za mlimiyo ngati chikole. Mlimi wa kwa Nazombe ku Phalombe sanalumphe chipani chilichonse. Iye ankangoyang'ana kumwamba, kuwerengera masabata otsala kuti mvula yobzalira igwe.

Anthu a pa Chiringa nkhani ya bajeti saimvera pa wailesi pokha. Mwana wa komweko, Dr Ken Lipenga, yemwe anali phungu wa Phalombe East, anasankhidwa kukhala nduna ya zachuma mu Sepitembala 2011. Anapeza bajeti ija yotchedwa zero-deficit ili kale m'njira: abwenzi akunja anali atasiya kuthandiza bajeti, boma la DPP linati tidzidalira tokha, ndipo msonkho unaikidwa ngakhale pa zinthu zofunika pakhomo. Mafuta anasowa, madola anasowa, ndipo zionetsero za pa 20 Julaye chaka chimenecho zinatenga miyoyo ya anthu 20. Bingu atamwalira mu Epulo 2012, nduna yomweyo pansi pa Joyce Banda inatsogolera njira yosiyana kotheratu. Kwacha inagwetsedwa mu Meyi kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola, bajeti ya zero-deficit inatayidwa, ndipo ntchito zolipidwa za m'midzi zinawonjezeredwa kuti osauka apume. Munthu mmodzi, chaka chimodzi, ndondomeko ziwiri zotsutsana. Izi sizikunena za munthuyo payekha ayi. Zikuonetsa kuti m'dziko muno mfundo za chuma zimakhala pa mtsogoleri wa nthawiyo, osati pa mgwirizano umene dziko lonse linakhalirapo pansi.

Zaka zaposachedwa zabwereza zomwezo. Mu 2020 mgwirizano wa Tonse unalonjeza thumba pa K4,495, ndipo pulogalamu yawo ya feteleza ya AIP inafikira mabanja oposa 3.5 miliyoni m'chaka choyamba. A DPP, eni makuponi, anasanduka ofunsa kuti ndalama zake zichokera kuti. Mtengo unakwera kufika pa K7,500, kenaka K15,000, opindula nkumachepa chaka ndi chaka kufikira pafupifupi 1.1 miliyoni. Peter Mutharika atapambana chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, dzina lakale la pulogalamu ya makuponi, FISP, linabwerera. Tsopano ofunsa za ngongole ndi omwe dzulo ankaikongola. Dzina la pulogalamu limasintha, mtundu wa nsalu za pamsonkhano wotsegulira umasintha, koma mzere wa pa depoti ndi womwe uja: amayi ogona panja ndi ana kumbuyo, kalaliki akuti netiweki yavuta, mavenda akuzungulira chapatali kufuna ogulitsa ziphaso.

Ine mbali yanga ndi iyi, ndipo sindiibisa. Boma liyenera kuika ndalama m'manja mwa anthu osauka, makamaka pa nthawi ya mavuto, ndipo liyenera kutero mosachita manyazi. Amene amati ndalama zotere zimangodyedwa sanakhalepo pa msika wa kumudzi kuona njira imene zimayenda. Bungwe la Concern Worldwide litagawa ndalama kwa mabanja a njala ku Dowa m'nyengo ya 2006 mpaka 2007, ofufuza anapeza kuti kwacha iliyonse yoperekedwa inabala malonda a makwacha oposa awiri m'deralo. Wosauka sasunga ndalama ku banki ya kunja, sagulira galimoto ya ku Japan. Amagula kwa mnansi wake. Mtukula Pakhomo inayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo Phalombe inali m'gulu la maboma asanu ndi awiri oyambirira kulandira. Anthu a kuno akhala ndi nthawi yaitali yoona ana obwerera kusukulu, mbuzi zogulidwa pang'onopang'ono, ndi madenga osinthidwa.

Komanso Phalombe ndi boma limene limadziwa tanthauzo la kutaya zonse usiku umodzi. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ndi matope, nkupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anabwereza: m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa 650,000 anasowa pokhala, ndipo madera a kummawa kwa Phalombe monga Nkhulambe anadulidwa kwa masiku, misewu ndi milatho zitakokoloka. Kafukufuku wa boma ndi abwenzi ake anati pafunika madola pafupifupi 680 miliyoni kuti dziko libwerere mwakale. Chaka chotsatira ng'amba ya El Niño inachititsa mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28. Munthu amene munda wake wakwiririka ndi mchenga, mbuzi zapita ndi madzi, sungamuuze kuti amange lamba. Kumuuza choncho nkumuuza kuti agulitse malata otsala, achotse mwana sukulu, akalowe m'phiri kuotcha makala, ndipo phirilo likayera napolo wina adzatsika mosavuta.

Sindikunyoza nkhawa za amene amaopa ngongole. Malawi si America, yomwe imakongola m'ndalama yakeyake dziko lonse nkumaithamangira. Pa makwacha anayi alionse a bajeti yathu, pafupifupi kwacha imodzi imapita ku chiwongoladzanja cha ngongole, isanagule ngakhale panado. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 ndi 2025 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Kukwera kotere kumadya ndalama ya agogo aja isanafike pa msika. Pamwamba pa izo pali kuba. Cashgate ya 2013 inathawitsa abwenzi amene ankathandiza gawo lalikulu la bajeti. K6.2 biliyoni ya Covid-19 mbali yake yaikulu inathera m'ma alawansi ndi kugula kosatsata ndondomeko. Mu 2022 K750 miliyoni ya feteleza inatumizidwa ku kampani ya ku Britain yodziwika ndi malonda a nyama, ndipo nduna ya zamalimidwe inachotsedwa.

Koma taonani kumene ndalama zinatayikira. Sizinatayikire m'manja mwa mayi wa pa Chiringa. Zinatayikira m'maofesi, m'makontirakiti, m'mahotela a m'mbali mwa nyanja. Ndiye nchifukwa chiyani nthawi yomanga lamba ikafika, choyamba kudulidwa chimakhala chiwerengero cha alimi opindula, pomwe maulendo a akuluakulu ndi galimoto zawo zimangosiyidwa kwa miyezi yochepa? Funso loyenera kukangana m'Nyumba ya Malamulo ndi lakuti ndalama iti imazungulira m'dera, ndipo iti imatuluka m'dziko tsiku lomwelo.

Pa funso limeneli feteleza ali ndi mlandu woti ayankhe, ngakhale palibe chipani cholimba mtima kuunena. Feteleza amagulidwa kunja ndi madola amene tilibe. Akafika mochedwa, chimanga chitayamba kale kuchita chikasu, phindu lake limachepa. Mvula ikadula kapena madzi akasefukira, mabiliyoni onse amapita limodzi ndi mbewu. Ndipo banja limene lilibe ufa mu Disembala likagulitsa mwayi wake kwa venda silinapuse. Thumba loti pa msika ndi loposa K100,000 silingaphikidwe lero, pomwe ana akufuna nsima lero. Kwa zaka zambiri pulogalamuyi yakhala ikumeza gawo lalikulu la bajeti ya zamalimidwe, alangizi nkumasowa ngakhale njinga, mthirira nkumangotchulidwa m'zolankhula.

Mlimi wa ku Phalombe salima chimanga chokha. Nandolo ndiye ndalama yake, pamodzi ndi mpendadzuwa, ndi mpunga kwa amene ali chakufupi ndi nyanja ya Chilwa. India atachepetsa nandolo wolowa m'dziko lake mu 2017, mtengo unagwa koopsa ndipo matumba anafumbwa m'nyumba. Panalibe kuponi yoteteza mlimi ku zimenezo. Mgwirizano wa 2021 wolola Malawi kutumiza matani 50,000 a nandolo ku India pachaka unathandiza alimi a kuno mwa njira imene misonkhano ya ndale siitchula. Chimodzimodzi msewu. Kukonza msewu wochoka pa Chiringa kupita ku Muloza, kumanga milatho yolimba, kukumba ngalande ndi kubzala mitengo m'mphepete mwa Michesi kudzera mu ntchito zolipidwa ngati zija za MASAF, kapena za Mbwezera Chilengedwe za masiku ano, kumalipira anthu a m'dera lomwelo m'miyezi ya njala, ndipo kumasiya chinthu chooneka. Malipirowo angofika pa nthawi yake, osati patapita miyezi munthu atagwira kale ntchito.

Chinanso chimene zipani zonse zimachilambalala nchakuti Mtukula Pakhomo, pulogalamu yomwe umboni wake ndi wolimba kuposa zina, imalipiridwa kwambiri ndi World Bank, Germany, European Union ndi Ireland. Boma lathu kwa zaka zambiri lakhala likulipira ku Thyolo kokha. Titaona mmene thandizo la America linadukira mwadzidzidzi mu 2025, kudalira ena pa chinthu chotere nkuika agogo aja pa ngozi. Pulogalamuyi ikufunika lamulo lake lonena gawo la bajeti lopita kumeneko, lokweza ndalamazo mitengo ikakwera, ndi lolola kuwonjezera mabanja msanga namondwe kapena ng'amba ikagwa, posayang'ana kuti dera linavotera ndani.

DPP inalonjeza pa kampeni K5 biliyoni pachaka ku dera la phungu aliyense. Ngati ndalama zotere zifika ku Phalombe, anthu a pa Chiringa ali ndi ufulu wofunsa khonsolo mndandanda wa ntchito, dzina la kontirakitala aliyense, mtengo wake, ndi chiwerengero cha anthu a m'deralo amene alembedwe ntchito, zonse zomatidwa pa bolodi pamsika ntchito isanayambe.