Kukoka Galimoto Yotitimira M'matope

Ku Johannesburg ndi madera ozungulira mvula imagwa kuyambira mwezi wa Okutobala mpaka Malichi. Pa nyengoyi galimoto za alangizi zimatitimira m'misewu ya kuminda, makamaka m'dothi lakuda la makande la cha ku Brits. Ngozi imachitika pamene chingwe chamangidwa pamalo olakwika.

Si ngowe zonse za kufakitale zimene zili zokokera. Zina ndi zomangira galimoto pa sitima kapena pa lole basi. Ngowe yoyenera ndi yomangidwa ku tchasisi ndi mabawuti olimba, ndipo buku la galimoto limasonyeza pamene ili. Chitsulo chobulungira chokokera ngolo ndi choletsedwa, chifukwa chikathyoka chimauluka ngati chipolopolo ndipo chitha kupha munthu.

Mlangizi aonetsetse izi:

1. Matope ayambe afukulidwa kutsogolo kwa matayala.
2. Chitsulo cholumikizira chikhale cholembedwa mphamvu yake, monga matani 4.75.
3. Chiguduli chonyowa chiyanikidwe pakati pa chingwe kuti chisakwapule munthu chikaduka.
4. Anthu aime patali kuposa kutalika kwa chingwecho.
5. Wokoka akoke molunjika, pang'onopang'ono, osatsomphola.

Ngowe ikapindika kapena kuchita dzimbiri, isinthidwe ulendo wina usanayambe.