Boti likatuluka m'madzi: momwe amalimangira pa ngolo ku Salford, ndi chifukwa chake lamulo silinyengerera

Mzinda wa Salford, womwe wagundizana ndi Manchester kumpoto kwa England, unakula chifukwa cha madzi. Ngalande ya Bridgewater inatsegulidwa mu 1761 kuti izinyamula malasha kuchokera ku migodi ya ku Worsley, ndipo mu 1894 ngalande ina yaikulu ya Manchester Ship Canal inabweretsa sitima za panyanja mpaka pakati pa mzindawu. Madoko akalewo anatsekedwa mu 1982. Lero malowa amatchedwa Salford Quays, ndipo pamadzi pomwe pankaima sitima za katundu pamayenda maboti a masewera ndi ochezera.

Ambiri mwa maboti ang'onoang'ono otere amafika pamadzi atakokedwa ndi galimoto pamsewu. Ulendo wa pamtundawu uli ndi ngozi zakezake, makamaka ukakhala wa boti la mtundu wa pontoon.

Kodi boti la pontoon limasiyana bwanji ndi ena?

Botili ndi thandala lafulati lomwe lakhala pa migolo iwiri italiitali ya aluminiyamu, nthawi zina itatu. Linatchuka ku Minnesota m'dziko la America m'zaka za m'ma 1950. Pamadzi silipendama msanga, ndipo n'chifukwa chake mabanja amalikonda.

Pamsewu zinthu zimatembenuka. Botili limakhala pamwamba kwambiri pa ngolo, lili ndi mpanda m'mbali, ndipo pansi pa thandala pali mpata womwe mphepo imadutsamo ndi kulinyamula. Woyendetsa akakwera mlatho wautali wa Barton pamsewu wa M60, kapena akalowera ku mapiri a Pennines pamsewu wa M62, mphepo ya m'mbali imakankha botilo monga ikankhira denga la malata losakhomedwa bwino.

Palinso nkhani ya kukula kwake. Maboti ambiri opangidwa ku America amakhala otambalala mamita pafupifupi 2.6, pomwe lamulo la ku Britain limati ngolo isapitirire mamita 2.55 mulifupi, komanso mamita 7 mulitali ngati ikukokedwa ndi galimoto wamba. Katundu amaloledwa kutulukira pang'ono m'mbali mwa ngolo, koma mwini wake ayenera kuyeza asanauyambe ulendo.

Chingwe chokokera sichokwanira

Cholakwa chomwe chimachitika kawirikawiri ndi kudalira chingwe cha winchi chokha. Winchi ndi chopukusira chomwe chimakokera boti pa ngolo likamachoka m'madzi. Ntchito yake imathera pomwepo. Kachitsulo kogwira mano ake kangathe kupulumuka galimoto ikagunda dzenje, ndipo chingwecho chimafooka ndi dzuwa komanso madzi.

Malangizo a bungwe loona za chitetezo cha magalimoto ku Britain la DVSA amapereka muyeso womveka. Zomangira katundu ziyenera kupirira kulemera konse kwa katunduyo akamakankhira kutsogolo, ndi theka la kulemera kwake akamakankhira m'mbali kapena kumbuyo. Izi zikutanthauza kuti boti la makilogalamu 1,000 liyenera kumangidwa moti lisasunthe ngakhale mphamvu yofanana ndi makilogalamu 1,000 italikankhira kutsogolo, monga zimakhalira woyendetsa akaponda mabuleki mwadzidzidzi. Boti losamangidwa bwino limapitiriza ulendo galimoto itaima, ndipo kutsogolo kwake kuli anthu omwe ali m'galimotomo.

Kumanga kwake kumayenda motani?

Choyamba, migolo iwiri ija iyenera kukhala bwinobwino pa matabwa ake, ndipo mphuno ya boti igunde chitsulo choimitsira cha kutsogolo popanda mpata. Mpata ngakhale waung'ono umalola boti kugwedera, ndipo kugwederako kumamasula malamba pang'onopang'ono.

Kutsogolo, kuwonjezera pa chingwe cha winchi, amakoleka tcheni ndi kumanga lamba wina wokokera mphuno ya boti pansi, ku chitsulo cha ngolo. Kumbuyo amamanga malamba awiri, mmodzi pa mgolo uliwonse, kuchokera pa mphete zomwe opanga botilo anaika mpaka pa chitsulo cha ngolo. Boti likakhala lalitali, malamba ena amawonjezedwa pakati. Mpanda, mipando ndi zitsulo za denga la nsalu si malo omangirapo, chifukwa sizinapangidwe kuti zipirire mphamvu yotere ndipo zimazuka.

Malamba oyenera ndi aja okhwimitsa ndi chitsulo, omwe amakhala ndi chikwangwani chosonyeza mphamvu yake. Lamba wong'ambika kapena womangidwa mfundo ndi wotaya. Pomwe lamba wakhudza ngodya yakuthwa pamafunika kuika chophimba. Kukhwimitsa kuli ndi malire ake: aluminiyamu ndi wofewa, ndipo mgolo ukhoza kubonyoka.

Zikatero, denga la nsalu limapindidwa ndi kumangidwa, zitseko za mpanda zimatsekedwa, ndipo chilichonse chomwe chingauluke chimachotsedwa. Injini ya kumbuyo imakwezedwa ndi kuchirikizidwa kuti isagunde msewu, ndipo chopalasira chake chakuthwa chimavekedwa thumba looneka patali. Pakatha makilomita ochepa oyamba, woyendetsa wanzeru amaima pamalo abwino ndi kugwiranso lamba aliyense, popeza malamba amalekerera boti likakhazikika.

Nanga ngoloyo imagwira bwanji ku galimoto?

Kumanga boti ndi theka la ntchito. Ngolo nayo iyenera kukola bwino pa mpira wachitsulo wa kumbuyo kwa galimoto. Njira yodziwira ndi kupukusa kagudumu ka kutsogolo kwa ngolo: ngati kumbuyo kwa galimoto kukukwera, ndiye kuti zakolana.

Ku Britain, ngolo yolemera kuposa makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu wake iyenera kukhala ndi mabuleki akeake. Imakhalanso ndi kawaya kolumikiza ku galimoto, komwe kamakoka mabulekiwo ngolo ikapulumuka. Matayala amafunika mizere yakuya mamilimita osachepera 1.6, ndipo nyali ndi nambala ya galimoto ziyenera kuoneka kumbuyo. Ngolo za maboti zimavutika kuposa zina chifukwa zimalowetsedwa m'madzi, zomwe zimabweretsa dzimbiri m'mabuleki ndi m'kati mwa magudumu.

Zotsatira za kunyozera izi zinaoneka mu Januwale 2014 ku Bristol, pomwe mwana wa zaka zitatu anafa atagundidwa ndi ngolo yomwe inapulumuka ku galimoto iye akuyenda m'mbali mwa msewu ndi mayi ake. Imfayi inachititsa kuti DVSA iyambitse ntchito yophunzitsa anthu kukoka ngolo mosamala, ndipo nkhaniyi inakambidwa m'Nyumba ya Malamulo.

Kodi lamulo limati chiyani pamsewu?

Galimoto yokoka ngolo siyenera kupitirira liwiro la mamailosi 60 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 96, pa misewu ikuluikulu monga M60 ndi M602. Pa misewu yomwe magalimoto opita ndi obwera sanalekanitsidwe, malire ndi mamailosi 50. Pamsewu waukulu wa mizere itatu kapena kuposerapo, wokoka ngolo saloledwa kulowa mumzere wa kumanja kwenikweni. Wopezeka akuyendetsa galimoto ndi ngolo zomwe zingavulaze anthu angathe kulipitsidwa mpaka mapaundi 2,500, kulembedwa mapointi atatu pa laisensi, ngakhalenso kuletsedwa kuyendetsa.

Kuyambira pa 16 Disembala 2021, aliyense wokhala ndi laisensi ya galimoto wamba ya ku Britain angathe kukoka ngolo yofika makilogalamu 3,500 popanda kulemba mayeso apadera omwe ankafunika kale. Mabungwe ena oona za chitetezo cha pamsewu anadandaula ndi kusinthaku. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu yemwe sanakokepo ngolo chibadwire angathe kugula boti lero ndi kulowa nalo pa M60 mawa, ndipo udindo wonse wophunzira uli m'manja mwake.

Phunziro kwa a ku Malawi

Malamulowa ndi a ku Britain, koma mphamvu yomwe imakankha boti pa ngolo ndi imodzimodzi kulikonse. Maboti amakokedwanso kuchokera ku Lilongwe kupita ku Senga Bay, kapena kutsika makhwawa a Golomoti kulowera ku Mangochi. Nthawi ya madzi osefukira, maboti opulumutsira anthu amatsika zitunda za Thabwa kupita ku Chikwawa ndi Nsanje. Pa misewu yotsetsereka komanso ya maenje ngati imeneyi, malamba amamasuka msanga, ndipo m'mbali mwa msewu mumakhala anthu oyenda pansi, apanjinga ndi ana a sukulu. Kumanga boti moyenera ndi kuima panjira kuti malamba aonedwenso kumatenga mphindi zochepa chabe, ndipo ndi zomwe zimateteza anthu amenewa.