Mizere ya matailosi ikada, musafulumire kuphwasula bafa

M'nyumba zambiri zamakono, kaya ku Area 25 ku Lilongwe, ku Chilomoni ku Blantyre kapena ku Chibavi ku Mzuzu, m'bafa ndi m'khitchini mumakhala matailosi. Pakapita zaka, matailosiwo amakhala akuwalabe, koma mizere ya pakati pawo imada, imang'aluka, kwina imagumuka kumene. Mwininyumba akaona zotere amayamba kuwerengera ndalama zogulira matailosi ena, chonsecho chomwe chatha ndi grout, ufa wa simenti womwe amisiri amasakaniza ndi madzi n'kutsekera mipatayo.

Grout wa simenti amamwa madzi pang'onopang'ono. N'chifukwa chake m'bafa mopanda zenera nkhungu yakuda imamera m'mizeremo, makamaka nyengo ya dzinja. Akang'aluka, madzi amalowa pansi pa tailosi, khoma la chipinda choyandikana limayamba chinyontho ndipo penti imasendeka. Zomwe zimamupha msanga n'zodziwika: kumuthira madzi ochuluka posakaniza, kugwiritsa ntchito simenti wamba pofuna kupulumutsa ndalama, komanso kutsuka pansi ndi mankhwala a asidi, omwe amadya simenti.

Musanagule chilichonse, gogodani tailosi iliyonse ndi chigwiriro cha sikuludilaiva. Ikalira ngati pansi pake pali mphako, ndiye kuti yamasuka, ndipo iyenera kuchotsedwa n'kumatidwanso. Grout watsopano sangaigwire.

Ntchito yeniyeni ili pokumba grout wakale, ndipo apa ndi pomwe ambiri amachita ulesi. Kupaka watsopano pamwamba pa wakale n'kutaya ndalama, chifukwa kachigamba kopyapyala kotero sikachedwa kusweka. Wakaleyo ayenera kuchoka mpaka magawo awiri mwa atatu a kuchindikala kwa tailosi. M'mashopu a hardware mumapezeka kachitsulo ka mano kopalira grout. Kamachedwetsa, koma sikaononga. Galayinda imafulumira, koma dzanja likangoterereka, m'mphepete mwa tailosi mwabenthuka, ndipo kupeza ina yofanana nayo patapita zaka n'kovuta. Fumbi lake lili ndi silika, yemwe amaononga mapapo, choncho valani chotseka pamphuno ndi magalasi, ndipo tsekulani mazenera. Yambani pakati pa mzere, musatsamire pa ngodya za tailosi. Mukatha, sesani ndi burashi mpaka m'mipatamo musatsale fumbi.

Pogula, yezani kaye kukula kwa mpata. Ukapitirira mamilimita 3, pamafunika grout wokhala ndi mchenga, yemwe safota kwambiri akamauma. Woyera amakongola tsiku loyamba, koma pakhonde ndi m'khitchini, pomwe fumbi lofiira ndi mafuta sizisowa, wotuwa ndiye amapirira. Palinso wa epoxy, yemwe samwa madzi, koma ndi wodula ndipo amalimba msanga moti ndi bwino kumusiyira mmisiri wozolowera.

Posakaniza, tsatirani muyezo wolembedwa papaketi. Thirani ufa m'madzi oyera n'kutakasa mpaka ulimbe ngati chiponde. Usiyeni mphindi 5, takasaninso, koma osaonjezera madzi. Konzani wochepa, wokwana kumaliza m'theka la ola, makamaka mu Okutobala pomwe kutentha kumaumitsa zinthu msanga. Pakani ndi chopakira cha labala, mopingasa mizere, mukukanikiza kuti mpata udzaze mpaka pansi. Valani magolovesi, poti simenti imasupula khungu.

Pakatha mphindi 15 kapena 30, pukutani ndi siponji yonyowa koma yofinyidwa bwino. Siponji yodontha madzi imakokolola simenti n'kusiya mizere yofooka ndi yamawangamawanga. Kautoto koyera kotsala pamatailosi kamachoka ndi nsalu youma. Pamenepo pasapondedwe kwa maola 24, ndipo shawa idikire masiku atatu. Ngati nyumba ili ndi bafa limodzi, banja likonzeretu kosambira.

Pali malo ena pomwe grout sayenera kufikapo: m'makona pomwe makoma akumana, pomwe khoma lakumana ndi pansi, ndi m'mbali mwa sinki. Malo amenewa amasuntha pang'ono kukatentha ndi kukazizira, ndipo simenti imang'aluka. Pamafunika silikoni ya m'bafa, yomwe imatamuka.

Grout akauma bwino, mutha kumupaka mankhwala otchedwa sealer kuti asamamwe madzi ndi mafuta. Potsuka, sopo wamba ndi burashi zimakwana. Jik amapha nkhungu, koma musamusakanize ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira chimbudzi, chifukwa pamatuluka mpweya wapoizoni. Ndipo ngati mwalemba mmisiri, gwirizanani mtengo wophatikizapo kukumba, kenako yenderani mizere yonse asanayambe kupaka, chifukwa akangotseka simungadziwenso ngati anakumbadi.