Ana a m'Lilanda auzidwe zonse za kazenera ka pa buchala

Funsani mwana wa ku sekondale muno m'Lilanda kuti dziko lathu linalandira ufulu liti, adzakuyankhani mosacedwa kuti ndi pa 24 Okutobala 1964. Mufunseninso cifukwa cake komboni imene tayandikana nayo imachedwa George, kapena cifukwa cimene agogo ake sanali kuloledwa kulowa pa khomo la kutsogolo m'masitolo a mu Cairo Road, mudzaona angokanda m'mutu. Tsiku la ufulu alidziwa, koma goli limene anthu anavula pa tsikulo salidziwa.

Nkhani ya zimene ana ayenera kuphunzira pa tsankho la khungu yautsa mapiri pa cigwa m'maiko ena. Ku America, kuyambira mu 2021, zigawo zingapo zinakhazikitsa malamulo ocepetsa zimene mphunzitsi angakambe m'kalasi pa nkhani ya tsankho. Ku Florida bwanamkubwa Ron DeSantis anasaina lamulo lotere mu 2022, ndipo mu Januwale 2023 boma lake linakana phunziro lina la mbiri ya anthu akuda kuti lisaphunzitsidwe m'masukulu a boma. Ocirikiza malamulowa amati ana a azungu asasenzetsedwe mlandu wa makolo ao. Otsutsa amati kubisa ukapolo ndi tsankho n'kunamiza ana onse, akuda ndi oyera omwe. Ku South Africa zinthu zinayenda mosiyana: mu 2018 komiti imene inasankhidwa ndi nduna ya maphunziro, mai Angie Motshekga, inalangiza kuti phunziro la mbiri likhale lokakamiza kwa ana a m'makalasi otsiriza a sekondale.

Kuno kwathu nkhaniyi siimveka ndi phokoso lotero, koma iliko. Imabisala m'kakonzedwe ka silabasi. Kuyambira pa kusintha kwa mu 2013, mbiri m'makalasi oyamba a sekondale inaphatikizidwa pamodzi ndi maphunziro a za malo ndi a za unzika kukhala phunziro limodzi la Social Studies, ndipo m'makalasi apamwamba inakhala ya osankha. Mu 2025 masukulu anayamba kutsatira ndondomeko yatsopano imene inakonzedwa mu 2023, imene inabweza maina a Fomu 1 ndi mafomu otsatira. Nthawi ya kusintha ngati ino ndiyo imene makolo tiyenera kulankhulapo. Maganizo athu ndi awa: mbiri ya tsankho iphunzitsidwe kwa mwana aliyense, iphunzitsidwe yonse, ndipo iyambire pa malo amene mwanayo apondapo.

Mzinda umene sunali wathu

Pamene atsamunda anasamutsa likulu la Northern Rhodesia kucoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, anaukonza mzindawu ngati wa azungu. Munthu wakuda anali kuonedwa ngati mlendo wobwera kudzagwira nchito cabe, amene adzabwerera kumudzi nchito ikatha. Anali kuyenda ndi citupa m'thumba, ndipo usiku anafunika cilolezo capadera kuti apezeke m'tauni. Nyumba inali kuyendera pamodzi ndi nchito: kucotsedwa nchito kunali kucotsedwanso m'nyumba. Lamulo la nyumba za anthu akuda la mu 1948 ndilo linatsegula njira yakuti amangidwe malo okhalamo mabanja, monga Matero, imene inamangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950.

Nyumbazo zinali zocepa, motero anthu ambiri anayamba kumanga tinyumba ta zidina pa mapulazi ndi malo a azungu ozungulira tauni, nalipira eni malowo. Maina akuti George, John Laing ndi John Howard anacokera kwa eni malo otero. Mwana amene adziwa zimenezi adzamvetsa kuti kusowa kwa misewu ndi ngalande m'makomboni kuli ndi mizu yake. Malo amenewa anakula kunja kwa pulani ya mzinda, ndipo boma linayamba kuwazindikira mwa lamulo mu 1974, patapita zaka 10 cilandirire ufulu.

Pa buchala ndi m'masitolo ambiri, munthu wakuda anali kugulira pa kazenera ka kumbali, ali ciimire panja. Sanali kusankha nyama. Anali kupatsidwa yokulunga kale, kawiri-kawiri mafupa ndi zotsala, imene eni ake anali kuicha nyama ya "boy". Mu 1954 cipani ca African National Congress, motsogozedwa ndi a Harry Mwaanga Nkumbula ndi mlembi wao a Kenneth Kaunda, cinalimbikitsa anthu a m'Lusaka kunyanyala mabuchala, ndipo azimai ndiwo anaima pa makomo kubweza ogula. Lamulo loletsa tsankho m'malo odyera ndi oonera kanema linadza mocedwa, mu 1960.

Mlimi ndi wophunzira

Inu alimi muli ndi gawo lanu m'mbiri imeneyi. Ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, malo aakulu anali m'manja mwa kampani ya North Charterland. Mu 1928 anthu anayamba kukankhidwira m'malo opatulidwa a anthu akuda kuti nthaka yabwino itsalire azungu olima fodya. Anthu anapanikizana, nthaka inaguga, mpaka boma la atsamunda lomwelo linagula malo a kampaniyo ndi kuyamba kubwezeramo anthu m'zaka za m'ma 1940. M'mbali mwa njanji namo, bungwe loyang'anira malonda a cimanga limene linayamba mu 1936 linagawa msika wa m'dziko mwa khungu: magawo 3 mwa 4 kwa alimi acizungu, amene anali ocepa, ndi gawo 1 kwa alimi onse akuda. Colinga cinali cakuti mlimi wakuda asapikisane ndi mzungu. Mwana wa mlimi ayenera kumva zimenezi kuti adziwe kuti mtengo wa thumba la cimanga wakhala nkhani ya ndale kucokera kale.

Ku migodi nchito za luso ndi malipiro apamwamba zinasungidwira azungu. Pa sitalaka ya mu 1935 anthu 6 anaomberedwa ku Luanshya, ndipo pa ya mu 1940 anafa anthu 17 ku Nkana.

Masukulu nao anali opatulidwa. Imene lero ndi Kabulonga Boys inali Gilbert Rennie, ya ana a azungu. Kamwala Secondary inali Prince Philip, ya ana a amwenye ndi a makaladi. Maphunziro a sekondale a ana akuda anayamba mu 1939 ku Munali, ndipo malo anali ocepa kwambiri. Pofika tsiku la ufulu dziko lonse linali ndi anthu akuda pafupi-fupi 100 okha a digiri ya ku yunivesiti. M'nthawi ya citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufika 1963, mtsogoleri wake woyamba, Godfrey Huggins, anafanizira mgwirizano wa mzungu ndi munthu wakuda ndi wa wokwera kavalo ndi kavalo wake.

Taona apa kuti tsankho linali kuyenda ndi malamulo, mitengo, malire a minda ndi makomo a sukulu. Mwana akaphunzira mmene linali kugwirira nchito, adzatha kulizindikira likabwera litavala malaya ena.

Mantha a ena

Pali anthu a maganizo abwino amene amakayika. Ena amati kukumba zakale kudzabzala cidani kwa azungu, amwenye ndi alendo amene tikhala nao mwamtendere. Mantha amenewa ndi omveka ngati mbiri ikambidwa theka. Koma mbiri yathunthu ili ndi a Simon Zukas, Myuda wobadwira ku Lithuania, amene atsamunda anawapitikitsa m'dziko mu 1952 cifukwa cotsutsa citaganya. Ili ndi a Stewart Gore-Browne a ku Shiwa Ng'andu, amene anagwirizana ndi omenyera ufulu ndipo anaikidwa m'manda mwa ulemu wa boma mu 1967. Ilinso ndi Ambuye Adam Kozłowiecki, wansembe wa ku Poland amene anazunzidwa m'ndende za Hitler ku Auschwitz ndi Dachau asanabwere kuno mu 1946. Iwo anakhala Arkiepiskopi woyamba wa Lusaka mu 1959, ndipo mu 1969 anatula pansi udindo kuti munthu wakuda alowe m'malo mwao. Maepiskopi a Cikatolika a dziko lino analemba kalata mu 1958 kwa akhristu a mitundu yonse yodzudzula kusankhana khungu. Mwana wophunzira maina awa adzadana ndi cisalungamo, ndipo adzaona kuti khungu la munthu silimuuza mbali imene aime.

Ena amati nthawi ya m'kalasi ipite ku masamu, sayansi ndi kompyuta, pakuti mbiri siidyetsa. Nafenso tifuna ana athu apeze nchito. Koma mwanayo akakhala kapitao pa pulazi, namwino pa cipatala kapena wapolisi pa geti, adzakhala ndi mphamvu yolandira ena ndi kubweza ena. Masamu sadzamuuza mmene amamvera munthu woimitsidwa pa kazenera.

Mantha amene ife tiwaona kukhala aakulu ndi akuti andale amakonda kupinda mbiri kuti itamande cipani cao. Amene tinaphunzira m'nthawi ya cipani cimodzi, pakati pa 1973 ndi 1991, tikumbukira kuti dzina la UNIP ndilo linali kumveka koposa, pamene a Nkumbula, amene anatsogolera nkhondoyi poyamba, anali kuchulidwa mwa apo ndi apo. Bwalo la ndege la ku Livingstone linapatsidwa dzina lao mu 2011. Mankhwala a vuto limeneli ndi kupereka nchito yolemba mabuku kwa akatswiri a mbiri ndi aphunzitsi, ndi kuphunzitsa ana kufunsa kuti nkhani yacokera kwa yani ndipo umboni wake ndi uti.

Zimene zinacitika pakhomo pathu

Cifukwa cacikulu cimene tikambira zonsezi cili pafupi kwambiri. M'miyezi ya Malichi ndi Epulo 2016, mitembo ya anthu ophedwa mwankhanza inapezeka m'madera athu ano a George, Lilanda ndi Zingalume. Mphekesera inafala yakuti ocita zimenezi ndi anthu a ku Rwanda eni tumasitolo. Pa masiku ocepa, masitolo oposa 60 anafunkhidwa m'makomboni a Lusaka. Ku Kanyama anthu 2 anatenthedwa amoyo, ndipo apolisi ananena kuti onse anali a Zambia. Mazana a alendo anathawira ku chalichi ca St Ignatius ku Rhodes Park. M'mwezi wa Meyi, anthu amene apolisi anawapereka ku khoti pa milandu ya kuphayo anali a Zambia anzathu.

Ambiri mwa amene anathyola zitseko anali acinyamata, adzukulu a anthu omwe aja anaimitsidwa pa kazenera. Anaweruza munthu poona kumene anacokera, monga mmene agogo ao anaweruzidwira poona khungu. Ambiri mwa alendowo anafika kuno pothawa mavuto amene anatsatira kuphana kwa mitundu kwa mu 1994, m'dziko limene atsamunda a ku Belgium analemba mtundu wa munthu pa citupa cake. Madzi saiwala khwawa. Mtima wosankha ukapanda kuchulidwa dzina ndi kudzudzulidwa, umapeza wina womuimika panja: lero mlendo, mawa munthu wa cigawo cina, monga timamvera m'kamwa mwa andale ena nthawi ya masankho ikafika. Phunziro la tsankho la atsamunda lifike mpaka pa Epulo 2016, kuti mwana adzione yekha m'nkhaniyo.

Nanga ticite ciani?

Ku Unduna wa Maphunziro tipempha kuti mwana aliyense, kaya wasankha sayansi kaya za malonda, asatsirize sekondale asanaphunzire za citupa, za kugawidwa kwa malo, za msika wa cimanga ndi za masukulu opatulidwa, komanso za amene analimbana nazo, amuna ndi akazi monga mai Julia Chikamoneka. Aphunzitsi a m'Lusaka ali ndi mwai pakuti umboni uli pafupi. Nyumba nambala 394 ku Chilenje, mmene a Kaunda anakhala kuyambira 1960 kufika 1962, ndi malo osungidwa a mbiri ya dziko. Nyumba yosungiramo zakale ya Lusaka National Museum ndi cipilala ca ufulu zili pa Independence Avenue, ulendo wa minibasi cabe kucokera ku Lilanda.

Kwa ife makolo, nkhaniyi tiikambe pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, m'miphakati ndi m'makalabu a alimi. Munthu amene anali ndi zaka 15 pa nthawi ya kunyanyala mabuchala lero wapitirira zaka 85. A Kaunda anatisiya pa 17 Juni 2021, ndipo anzao a msinkhu umenewo atsala owerengeka. Tumani ana kwa agogo ao ndi kope ndi pensulo. Akafunse kumene kunali mudzi wakale asanausamutse, msonkho unali ndalama zingati, citupa cinali kuoneka motani, ndipo anagula liti koyamba nyama yosankha okha. Zimene alembezo akapereke kwa aphunzitsi ao, ndipo kope lina lisungidwe pa parishi. Mau a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapo pamene wina anawamva ndi kuwasunga eni ake akali moyo.